Mafunso ndi mayankho: momwe ExifTool imalongedzedwera mu Debian

Chithunzi chojambulidwa ndi foni kapena kamera ya masiku ano chimasunga zambiri zimene maso saziona: tsiku ndi nthawi imene chinajambulidwa, mtundu wa kamera, ndiponso nthawi zina malo enieni pamene wojambula anaima. Zimenezi zimatchedwa metadata. Makalata otsatirawa akufunsa za ExifTool, pulogalamu yowerengera ndi kusinthira zinthu zimenezi, komanso njira imene imadutsa isanafike pa kompyuta yoyendera Debian.

Funso: Mayi wina wojambula zithunzi za maukwati akufunsa kuti ExifTool imagwira ntchito yanji.

Yankho: Pulogalamuyi analemba ndi Phil Harvey wa ku Canada m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Perl, ndipo inatuluka koyamba mu 2003. Imawerenga mitundu yambiri ya metadata, koma itatu ndiyo yodziwika kwambiri. Exif, imene inayambira ku Japan mu 1995, amailemba ndi kamera yeniyeniyo. IPTC imasunga dzina la wojambula ndi mawu ofotokoza chithunzi, ndipo atolankhani amaidalira kwambiri. XMP anaibweretsa ndi a Adobe mu 2001. Munthu akalemba lamulo lakuti exiftool chithunzi.jpg, pakompyuta pamatuluka mndandanda wonse, mzere ndi mzere. Akalemba exiftool -gps:all= chithunzi.jpg, zosonyeza malo za GPS zolembedwa mu Exif zimafufutika, koma fayilo yoyamba imasungidwa pambali, dzina lake litawonjezedwa mawu akuti _original. Wojambula amene safuna kuulula pakhomo pa makasitomala ake amapindula ndi lamulo limeneli asanatumize zithunzi.

Funso: Mnyamata wina wa pa sekondale akufunsa chifukwa chake pulogalamu imene ilipo kale pa intaneti iyenera kulongedzedwanso.

Yankho: Wolemba pulogalamu amatulutsa source code, koma sangadziwe mmene kompyuta ya munthu aliyense inakonzedwera. Debian, imene Ian Murdock anaiyambitsa mu 1993, ili ndi malamulo ake onena malo amene fayilo iliyonse iyenera kukhala. Wolongedza ndiye amagwirizanitsa mbali ziwirizi popanga phukusi. Amaika lamulo la exiftool mu foda ya /usr/bin, zigawo za Perl pamalo pake, buku la malangizo pamalo pakenso, kenako amalemba kuti phukusili silingayende popanda Perl. Ntchitoyi ikatha, wogwiritsa ntchito amangolemba sudo apt install libimage-exiftool-perl, zonse zofunika n'kubwera pamodzi. Dzina lalitalilo likutsatira lamulo la Debian lotchulira mapaketi a Perl: kutsogolo lib, pakati dzina la chigawo, kumapeto perl. A Fedora, potsatira lamulo lawo, amalitchula perl-Image-ExifTool.

Funso: Bambo wina wokonza makompyuta akufunsa zimene wolongedza amachita kuyambira pachiyambi.

Yankho: Ngati pulogalamu sinalowepo mu Debian, wolongedza amayamba ndi kulengeza cholinga chake potumiza uthenga wotchedwa ITP, kuti anthu awiri asavutikire ntchito imodzi. Kenako amapanga foda ya debian m'kati mwa source code. M'menemo muli mafayilo anayi ofunika kwambiri. Ya control imatchula dzina la phukusi, amene akulisamalira ndi mapaketi ena amene likudalira. Ya rules imalongosola kamangidwe kake. Ya changelog imasunga mbiri ya zosintha zonse. Ya copyright imanena mwini wa fayilo iliyonse ndi chilolezo chake, ndipo imafuna kudekha chifukwa Debian salola m'nkhokwe yake yaikulu chinthu chimene anthu alibe ufulu wochisintha ndi kuchigawa. ExifTool ilibe vuto pamenepa popeza chilolezo chake n'chofanana ndi cha Perl.

Phukusi likamangidwa, limayesedwa ndi lintian, chida chofufuza zosemphana ndi malamulo. Amene sanavomerezedwe kukhala mmodzi wa olemba a Debian amapempha wodziwa kale ntchitoyi kuti aliunike ndi kulitumiza. Phukusi latsopano limadikira pamzere wotchedwa NEW kuti chilolezo chake chiunikidwenso, kenako limalowa m'gawo la Debian lotchedwa unstable. Pakapita masiku angapo popanda vuto lalikulu limasamukira mu testing, ndipo limafika mu stable Debian yatsopano ikatuluka, zomwe zimachitika pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Ubuntu nayo imatenga mapaketi ake ambiri mu unstable, choncho ntchito ya wolongedza mmodzi imafikira anthu a mbali zonse ziwiri.

Funso: Mphunzitsi wina akudandaula kuti ExifTool ya mu Debian stable ndi yakale poyerekeza ndi imene Phil Harvey watulutsa posachedwa. Kodi zimenezi si zoopsa?

Yankho: Stable inapangidwa dala kuti isamasinthesinthe. N'zoona kuti ExifTool yakale ingalephere kuzindikira zina zolembedwa ndi kamera yongotuluka kumene, koma nkhani ya chitetezo imayendetsedwa mosiyana. Mu 2021 kunapezeka chibowo, chimene chinapatsidwa nambala ya CVE-2021-22204, m'gawo lowerenga mafayilo a DjVu. Munthu woipa ankatha kubisa malamulo m'fayilo yooneka ngati chithunzi wamba, ExifTool n'kuwatsatira poiwerenga. Akuba pa intaneti analowera pamenepa m'makompyuta oyendetsa GitLab, imene inkagwiritsa ntchito ExifTool pochotsa metadata m'zithunzi zotumizidwa. Wolemba anatseka chibowocho mu ExifTool 12.24. A Debian sanasinthe pulogalamu yonse ya mu stable, koma anatenga kachigamba kotseka chibowocho n'kukaika pa yakale ija. N'chifukwa chake nambala yakale yokha siikwanira kusonyeza kuti phukusi ndi losatetezeka. Fayilo ya changelog ndiyo imanena zimene zinakonzedwa.

Apa m'pamene pagona kulemera kwa ntchito yolongedza. Wolongedza amayenera kutsatira zimene wolemba akutulutsa, kuyankha madandaulo a ogwiritsa ntchito, ndi kutumiza kwa wolemba zolakwika zimene zili zake kuti zikonzedwe kugwero. Akatopa kapena nthawi ikamuchepera, mwambo wa Debian ndi wakuti alengeze poyera kuti phukusilo likufuna wina wolisamalira, kuti lisangokhala m'nkhokwe popanda woliyang'anira.