Chimanga, mpunga kapena mapira: chodzala m'dimba n'chiti?

Mvula ikatha mu Epulo, amalonda ena a ku Machinga ndi Balaka amaika mpamba wawo m'dimba. Wopindula ndi amene amayamba wayang'ana madzi ndi msika asanagule mbewu.

Chimanga chachiwisi chimabweza ndalama msanga. Mbewu yocha msanga monga Kanyani (SC 403) imathyoledwa pakatha miyezi pafupifupi 3, nthawi imene ootcha chimanga pa Liwonde ndi pa Ntaja amachisowa. Koma chimafuna kuthirira kosadukiza, feteleza ndi mankhwala a ntchemberezandonda. Wochenjera amadzala ndimendime, milungu iwiri iliyonse, kuti chisachere pamodzi mtengo n'kugwa.

Mpunga umafuna madzi ochuluka, monga a pa sikimu ya Domasi kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Wodalira chitsime asauyerekeze.

Mapira, monga Pilira 1, amapirira kuuma kwa ku Balaka ndipo ofulula thobwa amawagula. Komabe ndi bwino kudikira nawo dzinja, chifukwa munda wa mapira ukakhala wokhawokha m'chilimwe, mbalame zimaumaliza.

Madzi akakhala okayikitsa, kadimba kakang'ono kothiririka n'kabwino kusiyana ndi ekala youma.