PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MLENDO PA BWALO LA X

Masiku ano foni ya m'manja yafika m'midzi yambiri, ndipo ena mwa mafoniwo ndi aja okhoza kulowa pa intaneti. WhatsApp ndi Facebook anthu anazizolowera kale. Koma pomvera nkhani pa wayilesi amamva kuti nduna yakutiyakuti, kapena mtsogoleri wa dziko lakutilakuti, walemba mawu pa X, ndipo amafunsana kuti X ameneyu ndi chiyani. Phunziro lino lifotokoza chiyambi cha tsamba la mchezo limeneli, njira yolowera, ndi makhalidwe oyenera munthu amene wangolowa kumene.

Mfundo yaikulu yoti aliyense agwire ndi iyi. Uthenga wa pa WhatsApp uli ngati kalata yomata, yopita kwa munthu mmodzi kapena kwa gulu lodziwika. Uthenga wa pa X uli ngati mawu olankhulidwa pabwalo la mfumu, pamene aliyense wodutsa akhoza kuima ndi kumva. Kusiyana kwake n'kwakuti bwalo ili lilibe malire, pakuti omvera ake ali m'maiko onse.

CHIYAMBI CHAKE

Tsamba limeneli linayamba m'chaka cha 2006 mumzinda wa San Francisco ku America, ndipo dzina lake loyamba linali Twitter. Uthenga woyamba anaulemba ndi Jack Dorsey, mmodzi wa oliyambitsa, pa 21 Malichi chaka chomwecho. Poyamba munthu ankaloledwa kulemba zilembo 140 zokha. Chifukwa chake chinali chakuti mauthengawo ankayenda pa SMS, imene imanyamula zilembo 160, ndipo zilembo 20 zotsalazo anazisungira dzina la wolemba. M'mwezi wa Novembala 2017 malirewo anawakweza kufika pa zilembo 280.

M'mwezi wa Okutobala 2022 Elon Musk anagula kampaniyo ndi madola 44 biliyoni, ndipo mu Julayi 2023 anasintha dzina kukhala X. N'chifukwa chake ena amatchulabe Twitter, ena X, koma chinthu chake n'chimodzi. Alipo masamba enanso a mauthenga aafupi otere, monga Mastodon wa 2016, Threads wa 2023, ndi Bluesky. Wodziwa kuyenda pa X sangasokere kwambiri pa enawo, pakuti machitidwe ake ndi ofanana.

KULEMBETSA DZINA

Wofuna kulowa ayenera kukhala ndi foni yolowa pa intaneti, bandulo, ndi nambala ya foni kapena imelo. Malamulo a kampani salola mwana wosafika zaka 13. Zochita zake zili motere:

1. Atenge pulogalamu ya X ku Play Store, kapena alembe x.com pa foni yake. Kulembetsa n'kwaulere. Wina akamuuza kuti alipire ndalama yolowera, adziwe kuti akumubera.

2. Alembe dzina lake, nambala ya foni kapena imelo, ndi tsiku lobadwa. Kampani idzamtumizira manambala angapo otsimikizira kuti foniyo ndi yake. Manambala amenewo asauze munthu aliyense.

3. Asankhe mawu achinsinsi aatali, osakaniza zilembo ndi manambala. Dzina la mwana, dzina la mudzi, kapena chaka chobadwa si mawu achinsinsi, pakuti oyandikana nawo onse azidziwa.

4. Asankhe dzina loitanira, loyamba ndi chizindikiro cha @. Dzina ili silipitirira zilembo 15, ndipo anthu awiri sangakhale ndi dzina loitanira limodzi. Likhale lalifupi ndi losachititsa manyazi, pakuti tsiku lina mwini ntchito kapena apongozi akhoza kuliona.

5. Alembe mawu ochepa odzifotokoza, osapitirira zilembo 160, monga kuti ndi mlimi wa mtedza, mphunzitsi, kapena telala. Nambala ya foni ndi malo enieni a nyumba yake asaziike pamenepo.

Ngati mnyamata wa pamsika kapena mdzukulu ndiye wathandiza kulembetsa, mwini akaunti asinthe mawu achinsinsi tsiku lomwelo. Munthu sasiya kiyi wa nyumba yake kwa mmisiri amene anaika chitseko.

SABATA YOYAMBA: KUMVETSERA

Mlendo wanzeru akafika pabwalo amayamba wakhala pansi, namva momwe eni ake alankhulira. Chomwechonso wolowa kumene pa X achita bwino kutha sabata yathunthu akungowerenga.

Ntchito yake yoyamba ndiyo kusankha anthu owatsata. Akapeza akaunti yomukomera, adine batani lolembedwa Follow, ndipo kuyambira pamenepo mauthenga a mwini akauntiyo azimufika. Pano pasiyana ndi ubwenzi wa pa Facebook. Safunika kupempha chilolezo, ndipo wotsatidwayo sakakamizidwa kumtsatanso. Akatopa naye akhoza kumsiya nthawi iliyonse popanda mlandu.

Poyamba maakaunti 20 kapena 30 ndi okwanira. Ayambe ndi nyumba zofalitsa nkhani zimene azidziwa kale, monga MBC, Zodiak, Nation ndi Times. Awonjezepo mabungwe a zaumoyo, a zaulimi ndi a zanyengo, timu ya mpira ya pamtima pake, ndi anthu a ntchito yonga yake. Amene munthu wasankha kutsata ndiwo adzadzaza maso ake tsiku ndi tsiku. Wotsata okangana adzangoona mikangano, ndipo wotsata ophunzitsa adzaphunzira.

Pamwamba pa tsamba pali mizere iwiri. Wina walembedwa Following, ndipo umaonetsa mauthenga a anthu amene iye mwini anasankha. Wina walembedwa For You, ndipo mmenemo makina a kampani ndiwo amamsankhira, poona zimene iye amachedwa kuyang'ana ndi zimene anthu ambiri akuchitira phokoso. Mlendo akhale nthawi yambiri pa Following, kufikira atazolowera.

ZIZINDIKIRO ZINAYI

Chizindikiro cha @ ndicho choitanira munthu. Wolemba dzina la mnzake motsogoza @ amakhala ngati wamkodola pagulu, ndipo mnzakeyo amalandira chidziwitso.

Chizindikiro cha # chimasonkhanitsa mauthenga a nkhani imodzi. Munthu akadina #Malawi aona zimene anthu osiyanasiyana alemba ndi mawu amenewo. Nzeru imeneyi anabwera nayo ndi Chris Messina m'chaka cha 2007. Chimodzi kapena ziwiri pa uthenga zikwanira.

Kachithunzi ka mtima n'kosonyeza kuti uthenga wamkondweretsa wowerenga.

Mivi iwiri yozungulira ndiyo Repost, ndiko kunyamula uthenga wa wina ndi kuupereka kwa onse omtsata iye. Batani ili ndi lopepuka kudina koma katundu wake ndi wolemera, pakuti wonyamula bodza la mnzake wasanduka mboni ya bodzalo.

UTHENGA WOYAMBA

Akuluakulu akumbukira telegalamu ya ku positi ofesi, imene mtengo wake unkakwera ndi kuchuluka kwa mawu, kotero kuti munthu ankayamba waganiza asanalembe. Luso lomwelo lifunika pano. Zilembo 280 zimakwana mawu a Chichewa pafupifupi 40, pakuti mipata ya pakati pa mawu imawerengedwanso. Olipira ndalama mwezi ndi mwezi amaloledwa kulemba zotalikirapo, koma mlendo alibe chifukwa cholipirira.

Uthenga wabwino umayankha mafunso anayi: chachitika n'chiyani, kuti, liti, ndipo wolembayo wadziwa bwanji. Wina akhoza kulemba kuti, "Kuno zavuta kwambiri!" Wowerenga sapindula kanthu, angochita mantha. Koma wina akhoza kulemba kuti, "Mvula ya usiku wa Lolemba yagumula mlatho wa pamsewu wopita kuchipatala. Galimoto sizikuwoloka, koma apansi ndi apanjinga akudutsa cha kumtunda. Ndaona ndekha m'mawa uno." Akatchulanso dzina la mtsinje ndi la boma lake, uthenga wotere uthandiza woyendetsa ambulansi, wamalonda, ndi mtolankhani yemwe.

Kulemba m'Chichewa n'kololedwa. Akhoza kuikapo zithunzi mpaka zinayi. Koma chithunzi cha mwana wa mwini, cha wodwala, kapena cha maliro asachiike popanda chilolezo cha eni ake. Asanadine Post awerenge kawiri, pakuti wosalipira sangakonze uthenga utapita. Chimene angathe ndi kuufafaniza ndi kulemba wina.

Asadandaule akaona kuti palibe womuyankha masiku oyamba. Omtsata amabwera pang'onopang'ono, makamaka akamayankha ena mwaulemu ndi kulemba za zinthu zimene azidziwadi.

KUZINDIKIRA CHONAMA

Munthu aliyense akhoza kutenga chithunzi cha nduna, cha m'busa kapena cha banki, natsegula akaunti m'dzina lawo. Kale kachizindikiro kobiriwira ngati thambo, koikidwa pambali pa dzina, kankasonyeza kuti kampani yatsimikiza kuti mwini wake ndi munthu wotchukayo. Kuyambira m'chaka cha 2023 kachizindikiroko amakapeza ndi olipira mwezi ndi mwezi. Motero sikalinso umboni wakuti wolembayo ndi wamkulu kapena wonena zoona. Kotuwa ndiko ka maboma ndi akuluakulu awo, ndipo ka mtundu wa golide n'ka makampani ndi mabungwe. Wokayika ayang'ane kalembedwe ka dzina loitanira, chaka chimene akauntiyo inatsegulidwa, ndi zimene yakhala ikulemba m'mbuyomo.

Ngakhale akaunti yeniyeni ikhoza kubedwa. Pa 23 Epulo 2013 akuba analowa mu akaunti ya Associated Press, bungwe lalikulu la nkhani la ku America, nalemba kuti ku White House kwaphulika mabomba ndipo Pulezidenti Barack Obama wavulala. Linali bodza, koma pa mphindi zochepa mitengo pa msika wa masheya ku New York inagwa, nkudzakweranso choonadi chitadziwika. Pa 15 Julayi 2020 akuba ena analanda maakaunti a Barack Obama, Joe Biden, Bill Gates ndi Elon Musk, nalonjeza kuti wotumiza ndalama za Bitcoin adzabwezeredwa kawiri. Anthu anatumiza ndalama zopitirira madola 100,000, ndipo kubwezeredwa kawiri kuja sikunachitike.

Ngati ochita malonda a m'mizinda ikuluikulu anapusitsidwa, mlendo ayenera kusamala koposa. Nkhani yodzidzimutsa aidikire kufikira ataimvanso ku nyumba zina ziwiri zodalirika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo wolonjeza ntchito, ngongole, mphotho kapena makuponi a feteleza, koma nafuna kuti ayambe watumiziridwa ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ameneyo ndi wakuba. Nambala yachinsinsi ya ndalama sapatsa munthu, ngakhale wodzitcha wa kukampani.

MAWU SABWERERA

Akale anati, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pa X mwambi umenewu ndi woona kotheratu. Munthu akhoza kufafaniza uthenga wake, koma ngati wina anaujambula kale pa foni, chithunzicho chidzayendabe zaka ndi zaka. Ku America nyumba yaikulu ya mabuku ya Library of Congress inasunga mauthenga onse apoyera olembedwa pa Twitter kuyambira 2006 mpaka kumapeto kwa 2017. Alipo anthu m'maiko ambiri amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha mawu amene analemba atakwiya kapena akuseka.

Kuno ku Malawi lilipo lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuopseza ndi kuzunza ena pa intaneti. Kufunsa, kudandaula ndi kutsutsa maganizo a mnzake ndi ufulu wa munthu, ndipo bwaloli ndi malo abwino ochitira zimenezo. Koma kutukwana ndi kunamizira munthu umbava kapena ufiti ndi nkhani ina. Muyeso wosavuta ndi uwu: mawu amene munthu sangawanene ataimirira pamaso pa mfumu, apongozi ndi ana ake, asawalembe.

Wina akamputa, safunika kubwezera. Batani la Mute limachotsa mauthenga a wovutayo pamaso pake mwakachetechete. Batani la Block limamletsa kumtsata ndi kumuyankha. Batani la Report limakanena mlanduwo ku kampani. Ndipo wofuna kulankhula ndi anthu ochepa okha akhoza kutseka akaunti yake pa malo olembedwa Protect your posts, kuti awerenge okhawo amene iye wawavomera.

KUSUNGA BANDULO NDI NTHAWI

Mawu olembedwa sadya bandulo kwambiri. Zimene zimaimaliza ndi mavidiyo oyamba kusewera okha munthu asanawadine. Pa Settings pali malo olembedwa Data saver, ndipo woyatsa pamenepo adzaona kuti bandulo yake ikukhalitsa. Nthawi nayo ndi chuma. Tsambali lilibe mathero, pakuti pansi pa uthenga uliwonse pali wina. Munthu adziikire nthawi yake, monga madzulo ntchito ya kumunda itatha, kuti foni isalande malo a khasu.

MAFUNSO OKAMBIRANA PAGULU

1. Kodi uthenga wa pa WhatsApp usiyana bwanji ndi wa pa X?
2. N'chifukwa ninji mlendo ayenera kuyamba ndi kumvetsera?
3. Kodi kachizindikiro kobiriwira ngati thambo kasonyeza chiyani masiku ano?
4. Munthu achite chiyani asanadine Repost pa nkhani yodzidzimutsa?
5. Aliyense pagulu alembe papepala uthenga wa zilembo zosapitirira 280 wonena za chinthu chimene waona yekha m'mudzi sabata ino, ndipo anzake aone ngati wayankha mafunso anayi aja.