Muyese nthawi musanayale bawo

Kwa Malemia ku Nsanje dzuwa la mu Okutobala likafika paliwombo, khasu limagona. Ola limodzi kapena awiri amene anthu amapuma pansi pa mtengo wa nimu ndiwo a masewera, koma theka lake limathera pofunafuna nkhomo za bawo.

Choyamba, dzifunseni chimene chingakudzutseni pamenepo. Ngati ndinu wa kabaza pa boma la Nsanje, bawo isiyeni. Kasitomala akaitana mudzanyamuka masewera ali pakati, ndipo pobwera mudzapeza mkangano: uyu akuti kunali kutakata kwake, uyo akuti nkhomo zasuntha. Inu tengani drafuti. Jambulani mabokosi 64 pakatoni, tolani zitsekerero za mabotolo 24, za mnzanuyo muzitembenuze chagada. Aliyense amaona pamene mwalekezera, ndipo katoniyo imapindika n'kulowa pansi pa mpando wa njinga.

Bawo imafuna munthu amene wamaliza za kudimba ndipo sakudikira aliyense. Maenje ake ndi 32, nkhomo 64, ndipo imodzi ikasowa masewera sayamba bwino. Choncho werengani nkhomo pomaliza kusewera, osati poyamba, muzimange m'kansalu n'kupatsa munthu mmodzi wodziwika kuti azisunga. Pamene aliyense amasunga, palibe amasunga. Muikepo ndi zinayi zapadera, chifukwa ana amazitola.

Ngati mulibe thabwa losema, kumbani maenje pansi, koma sankhani pouma, pokwera, pamthunzi wa masana osati wa m'mawa. Kuno kuchigwa madzi a Shire sachita kupempha malo. Amene anaona kusefukira kwa madzi mu 2015 kapena namondwe Freddy mu 2023 akudziwa kuti chokumbidwa pansi n'cha chilimwe chokha. Dzinja likamayandikira, sonkhani ndalama mugule thabwa.

Gwirizanani malamulo musanagwire nkhomo, makamaka pakakhala mlendo wochokera ku Bangula kapena kutsidya ku Mozambique, poti kaseweredwe kamasiyana.

Ana asamavutike ndi zonsezi. Phada amangofuna kamtengo kolembera pansi ndi kaphale, ndipo amayi akaitana kukatunga madzi, palibe chotayika. Mpira wachikulunga ndiwo wodya nthawi, choncho aukulunge madzulo a Lachisanu kuti Loweruka angofikira kumenya.