Kampu ya asilikali ikayandikana ndi minda yanu: zoyenera kudziwa kwa anthu a ku Chinyunyu

Mu June 2013, ku Kampasa m'boma la Chongwe, anthu awiri anafa ataomberedwa pamene asilikali a Zambia National Service ankachotsa anthu pamalo amene ankakanganirana. Chongwe ndi kwathu komwe, chifukwa mpaka 2012 Rufunsa yonse, kuphatikizapo Chinyunyu, inali mbali ya bomalo. Nako ku Mikango Barracks mikangano ya malire pakati pa asilikali ndi midzi yozungulira yamveka kwa zaka zambiri. Kawirikawiri mlandu umayamba mofanana: asilikali ali ndi mapu mu ofesi, anthu ali ndi manda a makolo ndi mitengo ya mango, ndipo mbali ziwirizi sizinayendepo limodzi m'malire.

Lamulo la malo la 1995, Lands Act, limati malo onse a Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu. Koma lamulo lomwelo limamumanga manja. Malo a mafumu, monga a Mfumu Bunda Bunda kuno ku Chinyunyu, sangaperekedwe kwa wina popanda kufunsa mfumu, khonsolo, ndi munthu aliyense amene angakhudzidwe. Aliyense ameneyo ndinu, ngakhale mulibe taitolo, chifukwa lamuloli limavomereza malo olandira mwa mwambo. Choncho mukaona anthu akupima kapena kukhoma mabikoni pafupi ndi dimba lanu, muli ndi ufulu wofunsa kuti atumidwa ndi yani, ndiponso kuti msonkhano wofunsa anthu unachitika liti.

Funsolo musalifunse pawaya. Msilikali wa pachipata sanalembe mapu, ndipo sangasunthe malire ngakhale atakumverani chisoni. Yambani ndi mfumu ya mudzi, mupite kwa amfumu aakulu, kenako kwa khansala ndi komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Khonsolo ya Rufunsa ipemphedwe m'kalata kuti iitanitse mapu kwa Surveyor General ndi kwa Commissioner of Lands, ndipo pakonzedwe tsiku loti akuluakulu a kampu, opima malo ndi akuluakulu a mudzi ayende limodzi m'malire monse. Pa kalata iliyonse musunge ina yofanana nayo, yodindidwa tsiku. Zolankhula pansi pa mtengo zimauluka ndi mphepo. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndipo zisainidwe.

Pali khomo lina limene ambiri salidziwa. Lamulo la 2015 la mapulani a matauni ndi madera, Urban and Regional Planning Act, limalamula khonsolo iliyonse kukonza pulani ya chitukuko ya boma lonse ndi kumva maganizo a anthu, ndipo limalola khonsolo kupangana ndi mfumu za kagwiritsidwe ntchito ka malo a mwambo. Apa ndi pamene mudzi ungalembetse njira ya ng'ombe yopita kumadzi, njira ya ana asukulu, manda, ndi mtunda woyenera kusiyidwa pakati pa nyumba ndi malo ophunzirirapo kuwombera. Misonkhano imeneyi imatopetsa, sitikana, koma amene salowamo amadzaona waya utadutsa pachitsime.

Boma lingathe kutenga malo mokakamiza, koma motsata lamulo. Ndime 16 ya malamulo aakulu a dziko imateteza katundu wa munthu, ndipo Lands Acquisition Act imafuna chidziwitso cholembedwa, nthawi yosachepera miyezi iwiri pokhapokha zitanenedwa kuti n'zachangu, ndi chipukuta misozi. Popeza mtengo umawerengedwa makamaka pa zimene mwatukula, lembani zonse: nyumba, nkhokwe, khola, chitsime, mitengo ya zipatso, ndi chaka chimene banja linafika. Jambulani zanuzo, koma kamera isaloze kukampu, pakuti malamulo a chitetezo cha dziko amaletsa kujambula malo otetezedwa, ndipo mlandu wake ndi waukulu. Musasaine pepala limene simunawerengeredwe m'chinenero chimene mumamva, kaya Chisoli kaya Chinyanja.

Nanunso muli ndi mbali yanu. Musazule bikoni, musadule waya, musalime kapena kuotcha makala mkati mwa malire odziwika. Chitsulo chachilendo chopezeka kuthengo chisakhudzidwe. Ana auzidwe, apolisi adziwitsidwe. Ndipo wina akamakugulitsani munda wotchipa m'mbali mwa kampu, funsani kukhonsolo ndalama isanatuluke m'thumba.

Zikakanika, mlandu wa malo umapita ku Lands Tribunal, imene kuyambira ndi lamulo la 2010 imamvanso milandu ya malo a mwambo. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Board. Ngati pamenyedwa munthu kapena paotchedwa nyumba, kanenenitu kupolisi, mutenge kalata ya kuchipatala, ndipo mukadandaule ku Human Rights Commission ku Lusaka, mutatenga mayina a mboni ndi tsiku limene zinachitika.