Chiŵeto cha M'thumba: Chitsanzo Chophunzitsira Zamoyo ndi Zopanda Moyo

Tonse amene tinaphunzitsapo mutu wa zamoyo ndi zopanda moyo tikudziŵa vuto lake. Ana amaloŵeza msanga kuti chamoyo chimadya, chimakula, chimapuma ndiponso chimabereka, koma tikaŵapatsa chitsanzo chachilendo amangoti kakasi. Kuloŵeza si kumvetsa. M'nkhani ino tikupereka chitsanzo chimodzi chimene chingaŵachititse kuganiza.

Chiyambi cha chidolechi

Mu November 1996 kampani ya Bandai ya ku Japan inayamba kugulitsa kachidole kotchedwa Tamagotchi, kamene nzeru yake inachokera kwa Akihiro Yokoi ndi Aki Maita. Dzinali analiumba kuchokera ku liwu la Chijapani lakuti tamago, ndiye kuti dzira, ndi lina lotanthauza wotchi. Kachidoleka n'kobulungira ngati dzira, ndipo kali ndi kagalasi ndi mabatani atatu. Pakagalasipo pamaoneka kanyama kamene mwini wake ayenera kukadyetsa, kukachotsera ndowe ndi kukapatsa mankhwala. Akakanyalanyaza kamadwala mpaka kufa.

Mu 1997 kachidoleka kanafika ku America ndi ku Ulaya, ndipo ana anakakonda kwambiri moti sukulu zina zinakaletsa, chifukwa kanali kulira m'kalasi pofuna chakudya. Pambuyo pake panabwera Furby mu 1998, kenaka galu wa makina wa kampani ya Sony, wotchedwa AIBO, mu 1999. Nanga chinakopa anawo n'chiyani? Ife tikuona kuti mwana amakondwa akazindikira kuti pali china chimene chikudalira iyeyo.

Ana a ku Kandeu

Chimwemwe chimenechi si chachilendo kwa ana a m'midzi yozungulira Kandeu m'boma la Ntcheu. Iwo amaŵeta mbuzi, amamwaza madeya kuti anapiye adye, ndipo kudambo amaumba ng'ombe zadongo. Chimene mwana wa ku Tokyo ankachifuna m'chidole, iwoŵa ali nacho m'khola. Motero phunziro liyambire pa zimene akuzidziŵa kale.

Kaphunzitsidwe kake

1. Jambulani kachidoleka pabolodi ndi kufotokoza m'mene kamagwirira ntchito. Sikofunika kukhala nako kenikeni.

2. Gaŵani ana m'magulu ndi kuŵafunsa kuti: "Kanyamaka kamadya, kamakula, kamafa. Kodi n'kamoyo?" Musafulumire kupereka yankho. Asiyeni atsutsane.

3. Auzeni akayerekeze ndi mwanapiye. Mwanapiye akadya amalemeradi m'manja, amapuma, ndipo zitosi zake timasesa ndi tsache. Kanyama kapagalasi kamadya chithunzi chabe, ndipo mphamvu yake yonse ili m'batire.

4. Sungani funso lalikulu mpaka kumapeto: "Chikafa chimatani?" Tamagotchi ikafa, mwini wake amadina mabatani ndipo dzira lina limaoneka. Mwanapiye amene wafa ndi chitopa kapena wotengedwa ndi kabaŵi sabweranso. Ana akafika okha pa mfundo imeneyi, aphunzira sayansi pamodzi ndi udindo wosamala zamoyo.

Chenjezo kwa inu aphunzitsi a maŵa

Musalankhule ngati kuti zoseŵeretsa zakunja ziposa zathu. Ndipo m'kalasi mwanu mukakhala mwana amene amachedwa chifukwa cha mbuzi, nkhani ya kuchedwayo mukambe ndi makolo ake, koma pa phunziro ili mufunseni iyeyo kuti mbuzi yodwala timaidziŵa bwanji. Mwina ndiye amene adzayankhe bwino koposa anzake onse, ndipo tsiku limenelo adzaona kuti nzeru za kubusa zili ndi malo pasukulu.