PHUNZIRO 4: MAVOLTI NDI MPHAMVU YA MAGETSI

Cholinga cha phunziroli

Ambiri a ife tikamagula batire la sola timangofunsa kuti, "Kodi ndi la mavolti angati?" Wogulitsa akati 12, timalipira. Phunziroli litithandiza kuona kuti mavolti paokha satiuza mphamvu imene ili m'batire.

Tiyambe ndi madzi

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, monga pa Nkula pomwe makina adayamba kugwira ntchito mu 1966. Kuti makinawo azungulire pamafunika zinthu ziwiri: madzi agwe kuchokera pamalo okwera, ndiponso akhale ochuluka. Chikho chimodzi cha madzi, ngakhale chitathiridwa kuchokera pamwamba pa phiri, sichingazungulitse makina. Nalo dziwe lalikulu la madzi ongoima silingathe.

Magetsi ali chimodzimodzi. Mavolti ali ngati kutalika kwa mathithi: amatiuza kusiyana kwa pakati pa malo awiri, kumene kumakankha magetsi kuti ayende m'waya. Dzinali lidachokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy, amene adapanga batire loyamba mu 1800. Magetsi amene ayenda ali ngati madzi amene agwa. Kuti tipeze mphamvu, timachulukitsa mavolti ndi kuchuluka kwa magetsi oyendawo.

Zitsanzo za pakhomo

Batire laling'ono la tochi ndi lalikulu la wailesi, onse ndi a mavolti 1.5. Komabe lalikulu limakhalitsa chifukwa limasunga magetsi ambiri.

Pa batire la sola pamalembedwa nambala yachiwiri yotsatana ndi zilembo Ah. Batire la mavolti 12 ndi 100 Ah limasunga 12 x 100 = 1,200, ndiye kuti mawati 1,200 kwa ola limodzi. La 50 Ah limasunga theka lake, ngakhale nalonso ndi la mavolti 12. Babu la mawati 10 lingayake maola 120 pa batire loyambalo, koma batire la asidi silichedwa kufa tikamalikama mpaka kutheratu. Ndi bwino kugwiritsa ntchito theka lokha, ndiye tiyembekezere maola 60.

Mayunitsi amene timalipira ndi mphamvu, osati mavolti. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Nyumba zonse zimalandira mavolti pafupifupi 230, koma wophikira magetsi amatha mayunitsi msanga kuposa wongoyatsa mababu.

Chenjezo

Mbalame imatera pa waya osafa chifukwa miyendo yake yonse ili pa waya umodzi, ndipo pakati pa miyendoyo palibe kusiyana kwenikweni kwa mavolti. Munthu woima pansi akagwira waya womwewo, thupi lake limasanduka njira yochokera pa waya kupita m'nthaka, ndipo mavolti 230 ndi okwanira kumupha. Mawaya ena akuluakulu amanyamula mavolti 132,000, ndipo moto wake ungalumphire munthu asanawakhudze n'komwe. Tiwauze ana athu kuti asayandikire waya wogwa.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi tiyenera kuwerenga manambala ati tisanagule batire?
2. Batire la mavolti 12 ndi 70 Ah limasunga mphamvu yochuluka bwanji?
3. Tingatani ngati waya wagwa m'mudzi mwathu?