Phunziro la Mwezi Uno: Miyala Iŵiri ndi Madzi a M'chitsime

Madzi a m'chitsime amayamba ayenda m'nthaka ndi m'miyala asanafike m'ndowa. Ubwino wake umadalira njira imene adzera. Kuyerekeza mitundu iŵiri ya miyala, turbidite ndi choko, kungathandize banja lililonse kumvetsa nkhaniyi.

Miyala yonse iŵiri imapangika pansi pa madzi. Mwala wa turbidite umachokera ku mchenga ndi matope. Mitsinje, monga Linthipe amene amanyamula dothi la m'mapiri a Dedza, imathira zinthuzi m'nyanja. Zikaunjikana pamalo otsetsereka zimagumuka ndi kuthamangira kwakuya. Mchenga, poti ngwolemera, umayamba kudikha, ndipo matope amakhala pamwamba pake. Zikabwerezedwa kwa zaka zikwizikwi, pamakhala mizere yosanjikizana imene imauma nkukhala mwala. Pansi pa nyanja ya Malaŵi, imene kuya kwake kumafika mamita 700, mizere yotere ikuyalidwabe.

Choko ndi mwala woyera ndi wofeŵa. Unapangika ndi zigoba za tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja zamchere, zaka zoposa 66 miliyoni zapitazo. Umapezeka wambiri ku Mangalande, monga m'maphompho oyera a ku Dover.

Kusiyana kwake pa nkhani ya madzi ndi uku. Mu turbidite, mzere wa matope umatchinga madzi monga mbiya youmba bwino, malinga ngati mwalawo sunang'aluke. Choko umasunga madzi ambiri, koma uli ndi ming'alu imene madzi amathamangamo osasefedwa. M'chaka cha 1893, m'tauni ya Worthing ku Mangalande, zonyansa zinaloŵa m'chitsime chokumbidwa m'choko, ndipo anthu oposa 150 anafa ndi taifodi.

Mapiri a Dedza ndi Chongoni si a choko kapena turbidite ayi. Miyala yake ndi yolimba kwambiri, ndipo madzi saloŵa m'kati mwake. Amadzera m'ming'alu ndi m'dothi la pamwamba. Choncho ngozi yake ndi yofanana ndi ya choko: mng'alu umodzi ungathe kulumikiza chimbudzi ndi kasupe, makamaka m'nyengo ya dzinja. Madziwo amaoneka oyera mbee, chonsecho muli tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kamwazi. Paja akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno.

Tsono mudzi uliwonse uyenera kusunga malangizo aŵa:

1. Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30.
2. Pamene mwala wong'aluka uli pafupi ndi pamwamba, dzenje lisakumbidwe mpaka kuufika. Mlangizi wa zaumoyo ayambe waona malowo.
3. Pakamwa pa chitsime kapena mjigo pakhale simenti, ndi ngalande yotaya madzi kutali.
4. Ziŵeto zisamwere pamalo otungira madzi.
5. Madzi akumwa aŵiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo asungidwe m'chiŵiya chovundikira.
6. Madzi akayamba kuda mvula ikangogwa, ndiye kuti a pamwamba akuloŵa msanga. Komiti ya zaumoyo idziŵitsidwe tsiku lomwelo.

Mwana akayamba kutsegula m'mimba, amwetsedwe thanzi pafupipafupi ndi kupita naye kuchipatala mosazengereza.